Kachikwama Kanu Si Chithumwa

Amayi anga, kodi kumene muliko zikukuyenderani bwanji? Ndine Felesiya, mwana wanu wapakamwa uja. Kuno ku Dublin tadzuka bwino, kungoti mvula yakuno sidziwa kuti uno ndi mwezi wa Juni, ikungogwa mmene yafunira. Ndangoweruka ku shifiti yam'mawa, ndakhala patebulo la kukhitchini, ndipo ndayamba ndadya, chifukwa sindinaiwale zomwe munkanena mukaona ndatupa nkhope: "Iwe, idya kaye, ukwiye uli wokhuta." Ndadya, Amayi. Tsopano ndiloleni ndikwiye.

Koma ndiyambe ndi zabwino, mungati mwana uyu alibe mwambo. Tikadali mu fulati ija ya ku Santry yomwe ndinkakuonetsani pafoni, ndege zikudutsabe pamutu tsiku lonse moti tinasiya kuzimva. Adzukulu anu, Tiyamike ndi Paulo, akula moti simungawazindikire. Ndikawalankhula Chichewa amamva zonse, ngakhale zotukwana, koma amandiyankha m'Chingerezi. Ntchito ndi yomweyo, kuyenda m'makomo kusamalira okalamba. Bondo lakumanja likundivuta pokwera masitepe, koma zimenezo n'zazing'ono.

Kumudzi kwabadwa mwana. Rozi wa achimwene Damiano wachira mu Epulo, mwana wamkazi, wonenepa bwino, mphumi yake yanu yeniyeni. Mukukumbukira kuti tinagwirizana inu muli pomwepo kuti mtsikana woyamba kubadwa adzakhala Agnesi, dzina lanu? Amutcha Favour. Nditafunsa chifukwa chake, alamu anga, akazi a achimwene, anandiyankha mosachita manyazi kuti dzina lanu lili ndi katundu, sangamusenzetse mwana. Dzina lanu, Amayi. Inu amene munamulera Rozi yemweyo pamene amayi ake ankazungulira m'misika ndi kaunjika.

Nkhani imeneyi ndakhala ndikukubisirani zaka ziwiri, ndipo lero ndikuuzani yonse. Titakuikani m'manda, m'mawa mwake tinasonkhana m'nyumba mwanu kugawa zovala. Alamu ndi amene anatsegula bokosi lanu lachitsulo lija. Anatulutsa zitenje, juzi yanu yakutchalitchi, buku la nyimbo, ndipo pansi penipeni anapeza kanthu kokulungidwa mu duku. Atamasula anakuwa ngati aponda njoka, n'kukaponya pamphasa. Kanali kachikwama kachikopa kaja ka agogo anu aamuna, kakuda, kokwana m'dzanja limodzi, kotsekera pa kabatani kamkuwa.

Achimwene anakatsegula ndi kamtengo, kuopa kukagwira. Mkati anaona ubweya. Anaona kachitsulo kosongoka kolowetsedwa m'mbali. M'makona munali zobiriwira zomatirira, ndipo pachikopa panali chizindikiro chodinda chonga phazi la nkhuku. Kenako munagwa mendulo ya ubatizo ya Sitefano, mng'ono wawo wa achimwene, amene chikuku chinamutenga ali ndi zaka zinayi. Basi, mlandu unathera pomwepo. Ubweya, singano, mankhwala obiriwira, phazi la nkhuku ndi chinthu cha mwana wakufa: akuti chithumwa. Akuti n'chifukwa chake mbatata yanu ya kachewere inkachita bwino pamene ya ena ikupsa. Akuti munakhwimira mwana wanu.

Munali musanathe ngakhale tsiku limodzi lathunthu m'nthaka. Amayi a kumphakati amene anakuimbirani nyimbo popita kumanda anayamba kutuluka mmodzimmodzi, aliyense wakumbukira kuti anasiya ndiwo pamoto. Palibe anati, dikirani, munthu uyu takhala naye zaka zonsezi, tamuona akudzuka kusanache kukathira manyowa m'dimba. Ine ndinangotola kachikwamako ndi mendulo yake n'kuika m'chikwama changa, ndipo amene anayesa kundiletsa anamva zomwe anamva. Ndinabwera nako kuno.

Mbatata yakanika zaka ziwiri zotsatizana. Akuti umenewo ndi umboni, chithumwa chinachoka ndiye munda wauma. Ine ndaona zithunzi za mundawo. Ndi matenda a chiwawu, Amayi, ndipo palibe amene anapopera. Khola la mbuzi ladzaza manyowa mpaka pakhomo, palibe wotuta. Achimwene amafika kumunda dzuwa litakwera kale, foni ili kukhutu, akumvera mneneri wawo. Inu munkati, "Mbatata imafuna kuona nkhope yako m'mawa uliwonse." Nkhope ya achimwene yaiona kangati?

Tsopano pali nkhani ya chiliza chanu. Tinagwirizana kuti timange mu Seputembala. Mwezi wa Febuluwale achimwene ananditumizira uthenga wa mawu, wautali ngati ulaliki. Akuti pachiliza chanu sipakhala mtanda, ndipo sipaikidwa ngakhale njerwa imodzi mpaka nditabweza kachikwamako kuti mneneri wawo akakawotchere pamanda panu, anthu onse akuona, kuti banja limasuke. Mwamva? Akufuna kuitana mudzi wonse udzaonerere akukuweruzani, inu muli chete pansi osatha kuyankha. Munthu amene munaimba kwaya zaka zonse za moyo wanu, mugone popanda mtanda chifukwa cha ubweya.

Musaganize kuti nyanja inatchinga nkhaniyi. Inakwera ndege n'kundipeza. Tsiku lina titatuluka Misa ya Amalawi, tikumwa tiyi mu holo ina ku Citywest, mayi wina wa kwathu komweko ku Dedza anandikokera pambali, nkhope yodzaza chisoni chabodza. "Sisi, ndamva za ka parcel kaja. Mukusunga mu flat momwemo, ndi ana? Ine ndili ndi number ya man of God wina, amapanga deliverance every Friday, seven o'clock. Sizochititsa manyazi, family iliyonse ili ndi zake." Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinamuuza kuti amayi anga anafa ndi shuga, osati ndi parcel, ndipo akafuna deliverance ayambe ndi lilime lake. Abambo mfumu anali chapafupi, anamva, ndipo anangoyang'ana m'kapu mwawo.

Mu Malichi anandipatsa nkhalamba yatsopano yoti ndiziisamalira ku Rathmines, a Fintan. Ndi mphunzitsi wopuma, akazi awo anamwalira, amakhala okha m'nyumba yakale yamasitepe ambiri. Ndimafika m'mawa, kuwathandiza kusamba, kuwaphikira phala, kuonetsetsa kuti amwa mankhwala. Sabata yachiwiri anandipempha kuti ndipukute fumbi m'chipinda chawo chowerengera. Ndinalowa ndi kansalu kanga. Kukhoma kunali kabati yagalasi, ndipo mkati mwake munandandalikidwa tizikwama tachikopa, tina takuda tina toyera, tonse tofanana ndi kanu. Tina tinali totsegula, ubweya ukuonekera.

Ndikuuzeni zoona, maganizo oyamba amene anandifikira anali akuti, Mayi Maria, mzungu uyu ndiye wokhwima kuposa mudzi wathu wonse. Ndinangoima pomwepo, maso ali pa kabatiyo. A Fintan anandipeza ndili choncho, akukoka chitsulo chawo choyendera, ndipo anaganiza kuti ndachita chidwi. Anasangalala kwambiri. Akuti zaka zonsezi ana awo akhala akunena kuti zinthuzi ndi zinyalala, lero apeza munthu woziyang'ana. Ndinawafunsa kuti n'chiyani. Anati, "Ndi tizikwama ta asilikali oyenda pansi, a nthawi ya mfuti zothira onga kukamwa. Ndakhala ndikutolera kuyambira ndili mnyamata." Ndinati ine ndili ndi kamodzi. Anaseka, kuganiza kuti ndikuwanyengerera kuti amwe mapiritsi.

Lolemba lotsatira ndinapita nako. Anayala thaulo loyera patebulo, anavala magalasi awiri, ena pamwamba pa ena, ndipo anakagwira ndi manja onse awiri mwaulemu. Amayi, chifereni inu, ameneyu anali munthu woyamba kugwira chinthu chanu mopanda kunyansidwa. Anakatembenuzatembenuza, kenako anayamba kundiphunzitsa ngati ndili m'kalasi.

Anandifotokozera kuti mfuti zimenezo, zomwe ife timati gogodela, sizinkalira ndi onga wokha. Pankafunika kachisoti kamkuwa, kakang'ono kuposa njere ya chimanga, kokhala ndi mankhwala oyaka mkati. Msilikali ankakaveka pa kamphuno ka mfuti, nyundo yake n'kukamenya, moto n'kulowa kwa onga. Kuwombera kulikonse kunkafuna kachisoti katsopano, ndiye msilikali ankayenda nato tambiri pa lamba, kutsogolo, pomwe zala zingafike msanga. Anandionetsa kumbuyo kwa kachikwama kanu, pomwe pali kachingwe kachikopa kolowetsapo lamba. Anati ukafuna kusiyanitsa ndi chikwama cha zipolopolo, uyambe waona kukula: cha zipolopolo n'chachikulu, ichi n'chongokwana zala ziwiri kapena zitatu. Ananditsegulira zivindikiro zake ziwiri, chakunja ndi china chaching'ono chamkati, zoteteza kuti mvula isalowe.

Ndinafunsa za ubweya. Anati ndi wa nkhosa, ndipo kachikwama kotere kakapezeka kopanda ubweya amayamba kukakayikira kapena kudziwa kuti njenjete zinadya. Ntchito yake inali yogwira tizisoti kuti tisatayike msilikali akamathamanga chivindikiro chili chotsegula. Basi. Ubweya umene wakuchotserani mtanda, ntchito yake inali imeneyo. Zobiriwira zam'makona anati ndi dzimbiri la mkuwa, ndipo iwo akaziona amakondwa, chifukwa zimasonyeza kuti munakhaladi tizisoti. Anandionetsanso ulusi, kuti unasokedwa pamanja, mabowo ake osafanana ndendende, pamene tabodza topangira alendo timasokedwa pamakina.

Pa phazi la nkhuku lija anaseka mpaka kutsokomola, ndinachita kuwapatsa madzi. Anati si phazi ayi, ndi mutu wa muvi, chidindo chomwe boma la Angerezi linkaika pa katundu wake kuti asabedwe. "Chizindikiro chimenechi ife kuno ku Ireland tikuchidziwa bwino," anatero, "ndipo sitinachikondepo. Ngati abale ako akuti n'choipa, pamenepo pokha ndigwirizana nawo." Za kachitsulo kosongoka sananame kuti akudziwa zonse. Anati n'kotokosera kamphuno ka mfuti kakatsekeka, koma aka sikakuoneka kausilikali, mwina mwini wake anasula yekha kuchokera ku msomali. Anatinso asilikali atalandira mfuti zamakono, zakalezo pamodzi ndi malamba ndi tizikwama take zinagulitsidwa kwa amalonda, ndipo zambiri zinakathera kwathu ku Africa, zaka zoposa zana zapitazo.

Pamenepo ndinakumbukira nkhani yanu ija, ya agogo anu a Chimwaza ndi gogodela wawo, amene ankalondera nguluwe m'munda, mfuti yomwe ikalira iwo ankagwera chagada, nguluwe n'kumapita zikuyenda bwinobwino. Munkatiuza tikusenda mbatata pakhonde, tonse kumaseka, achimwene Damiano kuseka kuposa aliyense. Analipo, Amayi. Nkhaniyo anaimva ndi makutu awo.

Atatsala pang'ono kundibwezera, a Fintan anaona kanthu pakona, pansi pa ubweya. Anatenga kopanira kaja kozulira minga n'kuyamba kutokosa pang'onopang'ono. Kanatuluka kachisoti kamodzi, kobiriwira, kophwanyika mbali imodzi. Kanakhala mmenemo kuyambira nthawi ya agogo anu. Anakaika padzanja langa. Ndinalira m'nyumba ya eni, pa nthawi ya ntchito, ndipo nkhalamba imene ndimalipidwa kuti ndiisamalire ndi imene inadzuka kukanditerekera ketulo.

Tsiku lomwelo ndinajambula zonse: ubweya, chidindo, kachisoti, tizikwama ta a Fintan m'kabati mwawo, masamba a m'mabuku awo osonyeza asilikali atavala pa lamba. Ndinatumiza pagulu la banja la pafoni ndi uthenga wofotokoza chilichonse. Ndinkaganiza kuti achimwene achita manyazi. Ndinali wopusa. Anayankha kuti, "Mzungu angadziwe chiyani za mankhwala? Chikwama chikhale cha asilikali, chabwino, koma mendulo ya mwana wakufa inkatani mmenemo?" Ndinawafunsa kuti mayi amene waika mwana wake m'manda, wopanda ngakhale chithunzi chimodzi cha mwanayo, mendulo yake akaisunge kuti? Kuchimbudzi? Munali ndi zinthu ziwiri za anthu amene munawakonda n'kuwataya, ndipo munaika chimodzi mkati mwa chinzake. Achimwene anandichotsa pagulupo.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi cha amayi aang'ono, mng'ono wanu weniweni. Anandiimbira mobisa, akunong'ona, kuti iwo ankadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti kachikwamako n'ka mfuti ya agogo. Ankakaseweretsa ali mwana. Anali pamphasa pomwepo tsiku logawa zovala lija, ndipo sanatsegule pakamwa. "Ndikanalankhula akanati tinali limodzi, mwanawe. Iwe ukwera ndege, ine nditsala." Ndinawakalipira mpaka foni inatentha. Ndinawauza kuti mantha awo akugonetsani inu kunja. Ndinawauza zambiri zomwe sizoyenera kuuza munthu wamkulu.

Ndakwiyira aliyense m'kalata muno, ndipo palibe amene ndikumubwezera mawu. Koma pali mmodzi amene ndamudumpha.

Tsiku lija a Fintan akuyang'ana kachikwama kanu, anafika pa chivindikiro chamkati n'kukwinya nkhope. Panali chuku choyera, ndipo chikopa chinali chitafewa n'kuyamba kung'ambika pamsoko. Anati, "Izi zandidabwitsa. Chikopachi wina ankachipaka mafuta chaka ndi chaka, n'chifukwa chake chafika lero. Koma chuku ichi n'chatsopano, sichinathe zaka ziwiri. Ndani anakasiya pachinyontho?" Ndinawauza kuti mwina ndi mvula yakumudzi. Ndinanama, Amayi.

Kachikwama kanu sikanagone m'nyumba mwanga ngakhale tsiku limodzi. Nditafika nako kuno ndinakakulunga m'majumbo atatu, ndinakawaza madzi odalitsa, ndinakaika m'chitini cha penti n'kukasiya pakakhonde kakunja, kuseri kwa njinga ya Paulo, pomwe mvula ya Dublin imamenya tsiku lililonse. Sindinakatsegulenso. Paulo atadwala chifuwa chaka chatha, ndinapita kukaima pawindo n'kumayang'ana chitinicho, ndipo mukudziwa zomwe ndinkaganiza. Ine amene ndinatukwana mayi uja ku Citywest, nambala ya mneneri wake ndinaisunga m'foni. Pakamwa ndinkakumenyerani nkhondo, koma mumtima ndinali nditakhala pamphasa limodzi ndi alamu. Inu munakapaka mafuta a nsatsi zaka zonse zija, kanapirira nkhondo za eni ake, kanapirira chiswe ndi utsi wa kwathu, ndipo kanadzawonongekera m'manja mwa mwana amene amati amakukhulupirirani. Ndinadikira mzungu wa magalasi awiri kuti andiuze kuti amayi anga sanali mfiti. Ine ndinakudziwani zaka makumi anayi, iye sanakuonenipo n'kamodzi komwe.

Ndikhululukireni, Amayi. Sindikudziwa ngati kumeneko mumamva zoterezi, koma ndanena.

Amayi aang'ono ndawaimbiranso dzulo kuwapepesa, ndipo ndawauza za chitini chija. Anati ngati ine ndikalankhule pamanda, iwo adzaima pambali panga. Tikiti ndagula, ndifika kumayambiriro kwa Seputembala. Achimwene sanasinthe maganizo ndipo mwina sasintha. Mmisiri womanga chiliza ndamupeza ndekha, ndamuuza kuti mtanda ukhale wautali woonekera kumsewu, ndipo dzina lanu alembe lonse, Agnesi Nachisale, zilembo zikuluzikulu.

Ndikukulonjezani kuti palibe amene ayatse moto pamanda panu. Ndidzaima pamenepo, ndidzatsegula kachikwamako ndi manja anga pamaso pa mudzi wonse, ndidzafotokoza ubweya, chidindo ndi mendulo ya Sitefano. Ndipo ndisanaloze chala munthu aliyense, ndidzawaonetsa chuku chija n'kuwauza kuti ichi chokha ndiye choipa chomwe chili m'kachikwama ka amayi, ndipo anaikamo ndine.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Felesiya